Zala za Abiti Saidi

Lolemba
Ndamaliza! Miyezi iwiri ndikuumba munthu ameneyu pa laputopu, lero waima. Dzina lake Abiti Saidi, mayi wa kabaza ya njinga yamoto, wa msewu wa Lirangwe mpaka Mdeka. Mpango, jekete, nkhope yosaseka. Kurenda, kuja kompyuta imaphika chithunzi mpaka chipse, kwatenga maola asanu. Ndamuponya pa gulupu yathu ya ojambula. Loweruka tikusankha chithunzi choika pa kalendala ya gulupu, ndipo malo amenewo ndi anga. Ndalemba kuti: "Ndiuzeni zoona, musandinyengerere."

Lachiwiri
Andiuzadi zoona, anthu opanda chisoni.
Khungu akuti likunyezimira ngati beseni latsopano.
Zala ngati chinangwa.
Maso, lina likuyang'ana ku Lunzu, lina ku Zalewa.
Woyambitsa ndi a Gomani a ku Chileka, amene amadziona katswiri chifukwa ndege zimadutsa pamwamba pa nyumba yawo. "Mayiwa akudwala, kapena ndi sitayilo?" Gulupu yonse yaseka. Ndayankha kuti "zikomo kwambiri akulu." Mano ndikukukuta.

Lachitatu
Ndikuchepetsa zala. Tsopano zili ngati therere. Ndayamba kurenda, patatha maola anayi magetsi athima. Batire la laputopuyi linafa kalekale. Mkazi wanga akuti, "Inu, mukukalipira khoma?"

Lachinayi
Mwayi wanga. A Gomani aponya chithunzi chawo: nkhalamba yakhala pampando, chipewa pabondo. Kunena zoona ndi chabwino, koma lero si tsiku la zoona. Ndalemba: "Agogowa nkhope ngati mbatata yotemedwa ndi khasu. Makutu mwabwereka kwa ndani?"
Ndakhala ndikudikira kuti gulupu iseke.
Kenako a Gomani: "Ndi malemu bambo anga. Chipsera chimenecho anali nachodi."
Ndafufuta. Onse awerenga kale.

Lachisanu
Adimini a gulupu aika lamulo: yambani kuyamikira, kenako dzudzulani. Sanatchule dzina, koma aliyense akudziwa. Ndiye pa Abiti wanga kukugwa mvula ya ulemu:
"Mpango uli bwino, koma khosi."
"Njinga ili bwino, koma woikwerayo."
"Mwayesetsa."
Wa "mwayesetsa" ameneyu ndikanakonda akanangonditukwana. Ndikukonza zonse zimene anena, chimodzichimodzi. Zala ndaziveka magolovesi. Maso ndawabisa ndi magalasi. Wina anati azimwetulira, ndamumwetulitsa.

Loweruka
Chithunzi chatuluka. Uyu si Abiti Saidi. Uyu ndi mayi wa pa chikwangwani cha mankhwala otsukira mano. Sangakwere mtunda wa ku Chigaru, ngakhale kukangana ndi kasitomala sangathe. Ndamupha ndekha, ndi manja anga, pomvera anthu.
Mavoti: bambo ake a Gomani apambana. Nane ndavotera iwo, mkazi wanga ataima kumbuyo kwanga manja ali m'chiuno. A Gomani anditumizira uthenga kumbali: "Woyamba uja anali ndi moyo. Mukanangokonza zala basi." Bwanji osanena Lachiwiri!

Lamlungu
Anthu ndasiya kuumba. Lero ndarenda njerwa. Njerwa imodzi, pabwalo, padzuwa. Ilibe zala, ilibe maso, ilibe abale. Ndaponya osapempha maganizo a munthu.
A Gomani: "Njerwa ili bwino, koma mthunzi wagwera kolakwika."
Ndatuluka panja, ndatola njerwa yeniyeni, ndaiika padzuwa, ndayang'ana.
Akunena zoona.