Chitseko Chosaima, Chosagona

Bambowo anati dzina lawo ndi Paison, kwawo ku Champiti, ndipo chimene ankapempha si madzi kapena moto ayi, koma chitseko. Inu, tamverani. Amalume omwe ndinkakhala nawo anali atapita ku Nzama, ndipo ine mawu oti "ayi" amandikakamira pakhosi. Ndinangoloza kukhitchini kwathu, iwo n'kuzula, n'kusenza.

Nkhani yake inali iyi. Anali atabwera kuchokera ku Joni, koma bokosi lawo, thukuta la zaka zitatu, linatsalira m'mbuyo, ndiye ankadikira lole yodzalitula pa boma la Ntcheu. Kuchokapo kunali kulitaya. Anamanga kamsasa kaudzu kuseri kwa msika, koma mesenjala Elson anawauza kuti bwana DC sakufuna misasa pa boma, wopanda nyumba azipita kwawo, ndipo Lachisanu abwera ndi machesi. Atafunsidwa kusiyana kwa msasa ndi nyumba, Elson anakanda m'mutu n'kunena kuti nyumba imakhala ndi chitseko.

Lachisanu Elson anapeza chitseko chili chilili, mpaka anaodira, machesi n'kubwezera m'thumba. Koma Lolemba kunatulukira a Bizwell, kalaliki wa msonkho, munthu wonunkhiza chitseko ali kutali. Anati poti kwawo ina ilipo kale, iyi ndi nyumba yachiwiri, msonkho wachiwiri. A Paison anachigoneka pansi msangamsanga n'kukhalapo, nati uwu ndi msasa chabe, ichi ndi chokhalira.

Basi moyo unakhala umenewo. Amayi Rute ogulitsa mbatata ndiwo ankawayang'anira njira: akatsokomola kamodzi, chitseko chiime, kawiri, chigone. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa anatha milungu itatu osauma, uku mbuzi zikudya mgaiwa m'khitchini mwathu ngati zaitanidwa kuukwati.

Tsiku lina amayi Rute anatsokomola katatu. Akuluakulu awiri aja anafika limodzi, n'kupeza a Paison atachikumbatira chitseko, chosaima, chosagona.

"Iyi ndi nyumba kapena msasa?" anafunsa Elson.

"Mabwana, ophunzira ndinu. Gwirizanani, ine ndikhala ndikuchigwirizira."

Elson ankafuna msasa woti atenthe, a Bizwell ankafuna nyumba yoti alembe. A Bizwell anati wotentha nyumba ya msonkho watentha thumba la boma, Elson anati wolemba msasa m'buku walemba udzu. Anakokana mpaka dzuwa linafika paliwombo, ndipo m'pomwe lole inalira kumsewu.

"Tangondigwirirani kaye, achimwene," anatero a Paison, n'kuwakumbatitsa a Bizwell chitseko chija, liwiro.

Chakumadzulo ndinamva kukhoma kukhitchini. Anali a Paison, atakachilandira kwa kalaliki, yemwe akuti anachigwiradi mokhulupirika poopa kuti chikagona wagonja. Chitseko chathu chinkalendewera pa zingwe zachikopa, koma iwo anali kuchimanga ndi mahinjesi achitsulo a m'bokosi muja, omwe anagulira nyumba yawo. Anachitsegula, kuchitseka, kawiri. Ndisanawathokoze n'komwe, anali atasenza bokosi, akulowera njira ya ku Champiti.