Kapinga wa Alendo a ku Mzuzu

Lolemba

Mbewu yafika! Msuweni wanga amene amakaoda zitenje ku Kyela, ku Tanzania, wandibweretsera paketi ya kapinga. Pamwamba pali chithunzi cha bwalo lobiriwira ngati kapeti. Malangizo ali m'Chiswahili. Mawu amene ndikuwamva bwino ndi amodzi: maji.

Kumapeto kwa mwezi wamawa akuchimuna akubwera kuchokera ku Mzuzu kudzapereka malobolo a Lusekelo, mwana wanga woyamba. Nyumba yawo ndaiona pa foni, kapinga mpaka pakhomo. Kwathu kuno fumbi lokhalokha. Sindikufuna mwana wanga adzachite manyazi. Ndili dalaivala ku mgodi wa Kayelekera ndinkaona anthu akuthirira kapinga kumaofesi, ndiye ntchitoyi ndikuidziwa.

Zofunika: khasu, chingwe, ndowa, ndowe.

Akazi anga, NyaKayira, akuti: "Awiske Lusekelo, anzanu akugwira khasu kuchotsa udzu, inu mukuuitana? Njoka ikabwera mudzaipha nokha."

Lachiwiri

Kulima kuyambira m'mawa. Nthaka ngati simenti. Ndowe ndatenga m'khola la a Mwalwimba, oyandikana nafe. Fungo lafika mpaka kuchipinda.

Mbewuyo ndi yaing'ono kuposa mchenga. Ukamwaza sudziwa ngati wamwaza. Theka ndasunga m'thumba la jekete.

Odutsa akufunsa: "Ndi nazale ya fodya?" Wina: "Tomato?" Ndikati udzu, akupepesa ngati pagwa zovuta.

Mpopi wauma. Ndili pa mzere kumjigo, mwamuna ndekha pakati pa amayi, ndowa m'manja. Akundipatsa malo kutsogolo poganiza kuti NyaKayira wadwala. Sindikutsutsa.

Dzuwa la Karonga! Ndikathira mbali ino, mbali inayo yauma kale.

Lachitatu

Nkhuku!

Zathu, za a Mwalwimba, ndi tambala wina wopanda nthenga m'khosi amene sindikumudziwa. Zonse zili pa ntchito, kupalasa mwakhama kuposa ine dzulo.

A Mwalwimba, atatsamira mpanda: "Adada, mwathira ndowe, mwathira chakudya, mwathira maji. Nkhuku iganize kuti mwakonzera ndani?"

Ndayala neti yakale ya udzudzu pamwamba, miyala m'mbali. Pasanapite nthawi thadzi la NyaKayira lakodwa mwendo, phokoso ngati tagwira wakuba. Tadula neti kuti lituluke. Tsopano neti ili ndi khomo.

Madzulo afika alamu anga, akulu ake a NyaKayira, kuchokera ku Wovwe. Abwera ndi matumba a mpunga woti tidzaphikire alendo. Munthu wabwino kwambiri.

Lachinayi

Ndikudzuka ndi phokoso la tsache.

Alamu asesa bwalo lonse. Neti aipinda bwinobwino, aika pakhonde. Miyala aunjika pansi pa mtengo wa mango. Ndowe ndi mbewu zili kudzala, pamodzi ndi phulusa ndi mitu ya usipa.

Akuti: "Mlamu, pakhomo pano alendo akubwera koma panali ngati khola. Musathokoze, ndi udindo wanga."

Ndathokoza.

NyaKayira anawaona akuyamba. Ndikumufunsa chifukwa chake sanawaletse. Akuti: "Mkulu wanga ndingamulande tsache?"

Ndalimanso. Ndamwaza theka lija. Ndazunguliza chingwe, ndamangirira mapepala a shuga kuti aliyense aone kuti pali chinthu. Msana ukuwawa. Mpopi ukadali chete.

Lachisanu

Ndapita ku Boma kukafuna kheni yothirira. Minibasi yakhalitsa pa depoti kudikira anthu. Ndabwera masana.

Pamalo panga payalidwa lona, pa lona mpunga. Alamu akuti mpungawo sunaume bwino, ndipo pabwalo lonse palibe malo ena osalala chonchi. Chingwe chawathandiza, ayanikapo zitenje.

Akuyenda pamwamba opanda nsapato, kutembenuza mpunga ndi mapazi. Pansi pa mapaziwo pali kapinga wanga.

Ndayesa kufotokoza. Amvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Kenako: "Alendo adzadya mpunga kapena udzu?"

Nkhuku zabweranso, ndi anzawo. Tsopano ndine mlonda wa mpunga, ndakhala pampando ndi kamtengo. Kheni yatsopano ili pambali panga, youma.

Loweruka

Mvula yoyamba! Yabwera mwadzidzidzi kuchokera kumapiri. Tonse kuthamanga, kukokera lona pakhonde. Mpunga wapulumuka.

Ndaima pakhomo kusangalala kuti lero sindipita kumjigo. Kenako ndikuona madzi a padenga lonse akugwera malo amodzi. Sindinadziwe kuti bwalo lathu ndi lotsetsereka. Dothi limene ndinafewetsa ndi manja anga likuyenda, ladutsa pageti, lalowa m'ngalande ya mumsewu.

Zotsala: chingwe, matope, chitenje chimodzi cha alamu, chule.

Ndagwedeza paketi. Mulibe kanthu. Msuweni akuti ku Kyela apitanso chaka chikatha.

Lusekelo waimba foni: "Adada, amama akuti mukudwala msana. Mukulima chiyani?" Ndati zamasamba.

Lamulungu

Titaweruka ku tchalitchi afika akulu anga kuchokera kumudzi, amene adzalankhule pa malobolo. Ayendera bwalo, manja kumbuyo. Aima pa matope paja.

"Ndamva wadzala udzu. Waganiza bwino, mng'ono wanga. Akuchimuna ndawauza kuti ife sitilandira ng'ombe za mu envelopu, tikufuna zoyenda ndi miyendo. Zikafika zidzaima pompano, zidzapeze chodya."

NyaKayira walowa msanga kukhitchini. Alamu amutsatira. Ndikumva mbale zikugwedera, anthu akubisa kuseka.

Ndati inde akulu, ndimaganiza zomwezo.

Zofunika mawa: mitengo, misomali, waya. Khola silifuna kuthirira.