Tsiku limene ndinakuwira bambo ake a Tadala

Mpaka lero ndikadutsa pamsika wa Mitundu, amayi ogulitsa tomato amagwedezana n'kuyamba kuseka. Asekeni, ine ndifotokoza momwe zinayendera.

Kwathu ndi ku Nathenje, kuno ndinabwera ndi banja, moti nkhope zambiri sindizidziwa. Sukulu ndinalekeza sitandade 7. Koma amayi ena aphunzitsi atatsegula pafupi ndi msikawo kasukulu kophunzitsa ana masana akaweruka, anandiika kukhala woyang'anira (musaganize za ofesi ayi, ndi kutsegula chitseko, kusesa, kuitana maina ndi kudikira mpaka mwana womaliza atatengedwa). Lamulo anandipatsa limodzi: "Mwana wa eni usapereke kwa munthu amene sukumudziwa." Ine amene ndili ndi khanda kumsana, mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa.

Ndiye Lachinayi lina aphunzitsi onse atapita, kunatsala Tadala yekha, kamtsikana ka sitandade 2 kamene amayi ake amabwera okha kudzakatenga. Ndikungomva njinga yamoto phuu pakhomo. Akutsika bambo wa jekete yonyezimira, magalasi akuda, m'manja jumbo ya maswiti.

"Mwaswera bwanji mayi? Ndabwera kudzatenga mwana wanga, Tadala."

Maswiti! Ndinawerama n'kufunsa chapansipansi, "Tada, awa ukuwadziwa?"

Mwana anapukusa mutu n'kugwira chitenje changa.

"Ndine bambo ake, ndafika m'mawa kuchokera ku Joni. Onani," n'kutulutsa foni kundionetsa chithunzi cha kamwana kokwawa.

"Bambo, ana okwawa onse amafanana. Mwanayu simumutenga."

Ndinayesa kuimbira amake, foni yozimitsa. Ndinakoka Tadala, kulowa m'kalasi, chitseko mba, benchi kutsamiritsa. Bambo aja anazungulira pawindo, ati timvane bwinobwino, dzanja la maswiti n'kulowetsa. Apo ndiye ndinakuwa (mawu amenewa sindinkadziwa kuti ndili nawo): "Wakuba ana! Thandizeni!" Khanda langa nalo linayamba, Tadala nayenso. Amayi a tomato anathamanga, wina ndi chikuni, wina ndi beseni. Bambo aja ataona gulu sanadikire, anakwera njinga n'kuthawa.

Pamenepo ndinadziona ngati msilikali. Ndinati mwanayu ndikamusiya ndekha m'manja mwa amake, zivute zitani. Pamsewu sindinadutse, kuopa kuti atibisalira. Tinadzera kumadimba, khanda kumsana, dzanja la Tadala nditalimangirira kunsonga ya chitenje, matope mpaka m'maondo, patapata imodzi inatsala mumtsinje, ine osatembenuka. Njinga ikalira patali, tonse chogwada m'chimanga.

Tikufika pakhomo pawo, ndikuona njinga yomwe ija yaima pansi pa mtengo wa mango. Watitsogolera! M'malo moima n'kuganiza ngati munthu, ndinakuwanso: "Amake Tadala, samalani! Wakuba uja ali pompano!"

Amake Tadala anatuluka kukhitchini nthenga za nkhuku zili m'manja. Pakhonde, bambo aja ali pampando, jekete atavula, akusamba m'manja, achibale atawazungulira.

"Aa, amadamu, mwandichitira chiyani? Awa ndi bambo ake! Anachoka mwanayu ali ndi zaka ziwiri. Ndine ndinawatuma, ndimafuna Tada adabwe."

Ndinagwada pomwepo, matope ndi patapata imodzi. "Pepani bambo, pepani ndithu."

Iwo anaseka, koma kuseka kwake kosafika m'maso. "Mayi, zaka zisanu ndakhala kwa eni, palibe ananditchulapo wakuba. Ndadzatchulidwa kwathu." Kenako anayang'ana Tadala, amene anali akubisalabe kumbuyo kwanga, n'kunena pang'onopang'ono, "Koma mwana mwamusunga. Dzukani, mudye nafe."

Nkhuku ndinadya. M'mawa mwake abwana anga, amayi aphunzitsi aja, atamva anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunena kuti tsiku lina ndizifunsa kaye anthu apafupi ndisanakuwe. Ndinavomera, "Chabwino amayi."

Koma ndisakunamizeni. Manyazi aja anandigwira masiku atatu n'kutha. Mwana uja akanasowa, sindikanagona mpaka lero. Ndiye ngati mukubwera kudzatenga mwana pano ndipo nkhope yanu sindikuidziwa, bwerani ndi amake. Kukuwa sindinasiye.