Tchenisoo Yosamba ndi Sopo

Gurrr... pfu! Mpaka lero phokoso limeneli ndikalikumbukira phewa langa limayamba kuwawa. Ndi mmene imalirira tchenisoo, makina odulira mitengo aja, ikaganiza zokuchititsa manyazi kwa apongozi.

Ine ndinakulira m'manja mwa agogo ku Chipata, makolo anga atamwalira ndili wamng'ono. Pakamwa ndine wolemera, zambiri ndimangoyang'ana. Ndiye nditafunsira Tiyamike, mtsikana wa ku Chipangali, nkhani inavuta. Bambo ake ankati, "Mnyamata wosalankhulayu adzasunga banja?"

Mwayi unabwera wokha. Bulugamu wouma anapendekekera nyumba yawo, mvula ili pafupi. Ndinatuma mawu kuti ndidzagwetsa ndine, ndi makina! Kuntchito kwanga, kocheka matabwa, anandibwereka tchenisoo. Madzulo ndinasakaniza petulo ndi oyilo, n'kudzaza thanki, n'kuiliza pabwalo mpaka nkhuku za agogo zinathawira kwa aneba. Mtima unali dyokodyoko.

M'mawa ndinapeza makina ali mbee, akunyezimira ngati mbale ya alendo, atakulungidwa m'chitenje.

"Ndapukutako," anatero agogo. "Sungapite kwa eni ake a mkazi ndi chinthu chakuda bii."

Ndinathokoza. (Munthu woonetsetsa ngati ine, apa ndiye ndinayenera kufunsa.)

Ku Chipangali ndinapeza anthu atasonkhana ngati kuli mpira. Apongozi aamuna anakhala pampando, aakazi anasuzumira kuseri kwa nkhokwe, Tiyamike anaima pakhonde akumwetulira. Mlamu wanga Yobu, mchimwene wake wa Tiyamike, ankathamangitsa anthu.

"Patukani, patukani! Alamu abwera ndi ndege!"

Ndinaponda chogwirira, ndinatseka choki, kotsekera mpweya kaja, ndinakoka chingwe. Gurrr... pfu. Ndinakokanso. Pfu. Ndinayang'ana swichi, inali bwinobwino. Ndinagwedeza makina, ndinamva khuvukhuvu m'thanki, ndiye ndinati mafuta alimo.

"Ikutenthetsa thupi kaye," ndinatero chapansipansi.

"Ikutenthetsa ndi iyo kapena ndinu, alamu?" anafunsa Yobu. Malaya anga anali atanyowa kale.

Ndinamasula pulagi. Inali yonyowa, ndinati yamwa mafuta ambiri. Ndinaipukuta, ndinaipala ndi mpeni, ndinaiyanika pamwala. Ndinatulutsa sefa ya mpweya n'kuiuzira. Ndinabwezera zonse, n'kukoka chingwe ndi mphamvu zanga zonse za ukwati. Chingwe chinandipulumuka, ndinagwa chagada m'mtedza umene apongozi aakazi anayanika pamphasa. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kamawu kakuti "Mayo!"

Aliyense anasanduka makaniko. Wina anati tiike padzuwa. Wina anati tiikankhe ngati minibasi. Yobu anafunsa ngati ndabwera ndi makiyi ake. Apongozi aamuna okha ankangoyang'ana mtengo, kenako ine, kenako mitambo.

Mapeto ake ndinatsegula thanki kuti ndione ngati muli zinyalala. Nditapendeketsa, munatuluka thovu. Thovu loyera, lonunkhira sopo wochapira! Ndinazembera kuseri kwa khola ndi foni.

"Agogo, munatani ndi makina aja?"

"Ndinatsuka, mwanawe. M'mimba mwakemo munali fungo loipa. Ndinasiyamo madzi a sopo kuti lichoke. Sunakhuthule?"

"Nanga petulo?"

"Ndathira palinthumbu kuseri kwa bafa. Latha lonse! Nanga wagwetsa? Akukondwera nawe?"

Mawu awo anali osangalala moti ndinangoti, "Tikugwetsa, agogo."

Nditabwerera ndinapeza Yobu akusamba m'manja ndi thovu lija, anthu ali pansi ndi phwete. Apongozi anadzuka pampando.

"Mwana wanga, madzi alowamo bwanji mmenemu?"

Ndinaganiza za agogo, atadzuka m'mamawa ndi msana wawo wowawa uja kuti ndisanyozeke kwa eni ake. Dzina lawo likanatchuka Chipangali yonse.

"Ndine, bambo. Sindinaone bwino."

Tiyamike, amene amawadziwa agogo ndi sopo wawo, anagwira pakamwa. Kenako anayandikira bambo ake n'kuwanong'oneza kanthu. Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali, masharubu akugwedera, n'kulowa m'nyumba. Ndinati basi, ukwati wapita ndi thovu.

(Masiku ano thanki iliyonse ndimayamba ndainunkhiza, koma chuma changa ndimachisiyabe poyera agogo akakhala ndi sopo. Sindinaphunzire mokwanira.)

Apongozi anatuluka ndi nkhwangwa yakale, mpini wake wosalala chifukwa cha manja. Anandipatsa ndi manja awiri.

"Iyi ngakhale muisambitse imadzukabe, akamwini," anatero. "Ugwere uko, osati kudenga langa."

Anatenga mpando wawo n'kumapita kumthunzi.