Linga la ku Mkushi pa Phewa Langa

Amene akufuna kutsutsa atsutsiretu ndisanayambe, chifukwa ndikayamba sindifuna munthu wotsokomola pakati pa nkhani. Makamaka inu Bashi Chanda, chotsani dzanja lanu pa nsolopo, ndakuonani. Mwakhala mukuuza anthu pamsika wa Katondo pano kuti phewa langa lakumanjali linatsika ndi ukalamba. Lero mumva chimene chinalitsitsa, ndipo ndikulumbira pa manda a bambo anga, amene anayenda pansi kuchokera ku Ntcheu kudzalowa mu mgodi wa Kabwe, kuti mawu anga onse ndi oona.

Amuna a mumpingo mwathu pamodzi ndi amayi a Chigwirizano anapangana zokaona linga lakale la miyala limene azungu ofuna golide anamanga pamwamba pa phiri, kuseri kwa Mkushi. Akazi anga, Anaphiri, sanapite nawo chifukwa cha bondo, koma m'mawa wa ulendowo anaima pakhomo atagwira m'chiuno nati:

"ABanda, maulendo anu onse mumabwerako ndi nkhani zokhazokha. Ine nkhani sindikhulira mapazi. Miyala ya kuno yadzaza mtovu, ndipo zidendene zanga zang'ambika ngati dambo la m'chilimwe. Mukandibweretsere mwala wabwino wa kuphiri. Mukabwera chimanjamanja mudzapeza ndapita kwa mng'ono wanga ku Natuseko, muzidzaziphikira nokha."

Atatero anandiikira kamba m'thumba la jekete, chigumu chophika okha, chokulunga m'nyuzipepala, ndipo jekete inapendekera mbali imodzi nthawi yomweyo. Inu amene simunalawepo chigumu cha Anaphiri yamikani Mulungu, pakuti dzino limene mukuona kuti palibe apali linatsalira m'menemo.

Minibasi inatisiya m'tsinde mwa phiri, ndipo phirilo, mukumva, si timapiri timene mumationa panjira ya ku Kapiri ayi, koma phiri loti pokwera mphuno imakhudza njira, phiri loti titafika pakati mitambo inatinyowetsa mawondo, akabawi tinkawaona pamsana m'malo mowaona kumimba, ndipo nyimbo imene amayi anayamba kuimba m'munsi inatopa, inakhala pamwala, n'kutipeza pamwamba ife titapuma kale. Ine ndinafika poyamba, anyamata a kwaya ndinawasiya akukwawa ngati ana. Nditaima pamwamba ndinaona dziko lonse lili phee pansi panga: ndinaona Kabwe, ndinaona madenga a kwathu ku Makululu, ndinaona Anaphiri akuyanika chitenje chobiriwira, ndipo ndinakuonani inu Bashi Chanda pansi pa mtengo uno mukusuntha njere za nsolo mnzanu atayang'ana kumbali. Mukuti nanama? Nanga mukuyang'aniranji pansi?

Linga lenilenilo ndi khoma lalikulu lozungulira mutu wa phiri, lalitali kuposa munthu, lonenepa moti ngolo ingayende pamwamba pake, ndipo mulibe simenti ngakhale ya pa chala. Mwala uliwonse wangotsamira unzake, unzakenso watsamira unzake, mpaka kuzungulira. Bambo wotisonyeza malo, wovala chipewa cha kaki, anatifotokozera za anthu amene ananyamula miyalayo pamutu kuchokera m'chigwa, kenako anatichenjeza kuti tijambule zithunzi mmene tingafunire, koma tisatenge kanthu. Ine ndinavomera ndi mutu. Koma mutu ndi wina, dzanja ndi lina.

Inu nonse mukudziwa kuti mgodi utatsekedwa ndakhala ndikutola ndi kuphwanya miyala pa mulu wakuda uja wa zotsalira za mumgodi. Ndipo munthu wa pamulu satola mwala wa pamwamba. Amasolola wa pansi kuti ya pamwamba igwe yokha, ntchito ichepe. Dzanja langa linazolowera zimenezo kuposa kugwira supuni. Tsono amayi atatsikira pang'ono kumunsi kwa khoma, nayala zitenje pa udzu kuti adye kamba wawo, ine ndinauona mwalawo: unali pansi penipeni pa khoma, wotuwa, wokwana bwino m'dzanja, mbali ina yosalala ngati tsaya la khanda, mbali ina yokhakhala ngati lilime la ng'ombe, mwala wobadwira zidendene za Anaphiri. Ndisanaganize n'komwe, dzanja linali litausolola kale.

Mukumva? Phiri linabuula. Linabuula mmene bambo anga ankanenera kuti mgodi umabuulira usanagwe, ndipo mwala umene unatsamira mwala wanga unayamba kutsetsereka, ndi umene unatsamira umenewo, ndi wina, ndi wina, phokoso likuzungulira linga lonse ngati sitima ya katundu ikumangirira mabogi, mpaka linabwerera pamene ndinaima, khoma lonse n'kuwerama kuyang'ana kumunsi kumene kunali amayi a Chigwirizano ndi mabotolo awo a maheu. Amuna onse anathawa. Mkulu wa mpingo anadumpha chitsamba chimene m'mawa ankachizungulira ndi ndodo. Ine ndinavula chipewa, ndinachivalanso bwino, ndinaponda pansi mwamphamvu, n'kulowetsa phewa ili pansi pa khoma.

Linga linaima. Linaima pa ine ndekha, miyala yonse imene anthu a chigwa chonse ananyamula, ndipo mapazi anga analowa m'thanthwe mpaka m'akakolo ngati m'matope, lamba anaduka, mabatani a malaya anauluka n'kukagwetsa nkhwali imene inkadutsa, thukuta langa linatsika phiri n'kukadzaza kamtsinje kamene tinaoloka kali kouma, moti anthu a m'mudzi wa m'munsi anatuluka ndi makasu poyesa kuti mvula yoyamba yagwa. Buluzi anabwera, anandiyang'ana, anaona kuti sindikugwedezeka, anakwera pamphumi panga n'kuyamba kuothera dzuwa. Amayi aja anapitiriza kudya, osadziwa kuti imfa yawaweramira, wina mpaka anandikuwira kuti, "ABanda, mwatsamira bwino pamenepo, musasunthe tikujambuleni!"

Bambo wa chipewa cha kaki anabwera akuthamanga, naona dzenje pansi pa khoma, naonanso mwala m'dzanja langa lamanzere.

"Mudala, bwezerani mwalawo! Bwezerani msanga, tifa tonse!"

Apa ndiye panali nkhani. Kubwezera mwala kunali kosavuta, koma ndikabwezera ndikafika ku Makululu chimanjamanja, ndikapeza chitseko chotseka ndi mbaula yozizira, ndipo munthu wa msinkhu wanga kuyamba kuphunzira kukazinga tinsomba ta kapenta si chinthu choti mpingo uone. Kukana kubwezera ndiye kuti ndiima pamenepo mpaka tsiku la chiweruzo, linga lili pa phewa, abuluzi akuswana pachipewa. Ndinamuyankha kuti, "Mwana wanga, mwala uwu uli ndi mwini wake kale. Dikira."

Ndinafunikira chinthu cholimba kuposa mwala, chosaphwanyika, chosaola, choti chiswe sichingachiyandikire. Ndipo pamene ndinkaganiza, ndinamva kulemera m'thumba la jekete.

Ndinaika mwala wa Anaphiri pakamwa, ndinauluma ndi mano otsalawa, ndinapisa dzanja lamanzere m'thumba, ndinatulutsa chigumu, ndinachigwetsera pansi, ndipo pogwa chinatulutsa moto pathanthwe. Kenako ndinazula phazi limodzi m'mwala, linga lonse n'kulisenza ndi mwendo umodzi ngati kakowa, ndinachikankhira chigumucho padzenje, n'kuchimenya ndi chidendene kamodzi kokha. Chinalowa kuti tswii. Mwala wa kumanja kwake unang'ambika, wa kumanzere unachita mantha n'kubwerera m'malo mwake, ndipo phokoso lija linazunguliranso linga mobwerera m'mbuyo, mwala uliwonse ukudziwongola, mpaka khoma linaima chilili kuposa mmene azungu aja analisiyira. Ndinachotsa phewa pang'onopang'ono. Palibe ngakhale kamchenga kamene kanagwa. Koma phewalo silinakwerenso mpaka lero.

Bambo uja anagwada, anachigogoda chigumucho ndi kiyi wa galimoto, kiyi n'kupindika. Anandifunsa kuti mwala wa mtundu umenewu umakumbidwa kuti, ndipo ndinamuuza kuti umapezeka ku Makululu kokha, ndiponso mgodi wake ndi wa munthu mmodzi. Anandigwira chanza ndi manja awiri. Potsika amayi anandiimbira nyimbo, amuna amene anathawa aja anandinyamulira jekete, ndipo mkulu wa mpingo anandisiyira mpando wa kutsogolo m'minibasi.

Nditafika kunyumba ndinapeza Anaphiri atamanga kale kachikwama ka ku Natuseko, kali pampando. Ndinatulutsa mwala, ndinauika m'dzanja lawo. Anautembenuza, anauyesa pa chidendene, anamasula kachikwama kaja, ndipo tsiku limenelo ndinadya nkhuku. Lero zidendene zawo zikusalala moti akavala patapata amaterereka. Anandifunsanso ngati kamba uja anandithandiza panjira, ndipo ine, amene sindinama, ndinayankha kuti chigumu chawo chinapulumutsa mpingo wonse.

Tsono inu Bashi Chanda, ngati mukukayikabe, kwerani basi mupite ku Mkushi. Mukapeza linga lili chiimire. Likanakhala kuti linagwa mukanamva pa wailesi. Mukazungulire kumbali yoyang'ana chigwa, mukagwade, mukaona mwala umodzi wofiirira wokhala ndi zidutswa za nyuzipepala, ndipo ngati muli mwamuna mukaulume. Ine ndinasenza linga ndi phewa limodzi, ndinaima pa mwendo umodzi pansi pa phiri la miyala, ndipo m'Kabwe muno mulibe chimene ndimaopa.

Koma taimani. Amene akutuluka pamsikawo ndi dengu la tomato, si Anaphiri? Bwezerani njere pa nsolo, tiziseweranso. Ndipo amene atchule mawu oti chigumu iwo ali pano, khomalo akalisenze yekha.