Hutala ya a Zakeyu

Mundikhululukire, owerenga, poti sindinalembepo kanthu koti anthu aone, ndipo ndime ino ndaifufuta kangapo. Koma a Zakeyu tinawaika m'manda ku Guilleme mwezi watha, ndiye wina ayenera kunena za iwo.

Pa boma la Mchinji aliyense ankadziwa kuti a Zakeyu, amene ankagulitsa timahedifoni totchipa topanda waya, sankalola kuti ugule usanayese. Wachangu ankangowalambalala. Poyamba ankaika nyimbo ya kwaya, ndipo besi ikapanda kumveka ankapukusa mutu n'kunena kuti azibambo athawa m'tchalitchi. Kenako ankakupatsa mtedza wokazinga kuti utafune utativala, poti kahedifoni kabwino sikagwa kapena kupweteka khutu nsagwada zikamagwira ntchito. Mayeso omaliza anali a pamsewu. Unkaima nawo m'mbali mwa tala, nyimbo ili m'makutu, kudikira thiraki yochokera ku Zambia, ngakhale mpaka dzuwa kupendeka. Madalaivala ankawadziwa. A Zakeyu akangokweza dzanja, hutala inkalira.

Mng'ono wanga Lameki, amene amapalasa kabaza pa msewu wa kuboda, anafuna timahedifoni totseka phokoso lonse la kunja. Thiraki inadutsa, hutala inalira mpaka nkhuku za pamsika kubalalika, iye akungogwedeza mutu ndi nyimbo.

"Izi ndiye zenizeni, bambo. Ndatenga."

"Hutala waimva?"

"Hutala iti?"

A Zakeyu anamuchotsa timahedifonito m'makutu pang'onopang'ono.

"Mwanawe, mayi ako ndimapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Ndidzawauza chiyani?"

Lameki anachonderera, anakwiya, anawatchula wamalonda woopa ndalama, koma sizinathandize. Anachoka ndi tina tolira ngati udzudzu uli m'chitini, ta batire lotha dzuwa lili paliwombo. Anadandaula pa siteji ya kabaza chaka chonse. Komabe ndiyenera kulemba mosamala apa: thiraki iliyonse yobwera kumbuyo kwake ankaimva, ndipo madzulo alionse ankafika kunyumba.

Lero pamene panali tebulo lawo pali anyamata ogulitsa timahedifoni tomatidwa m'pulasitiki, ndipo malonda akuyenda mwachangu. Madalaivala ena akafika pamenepo amachepetsabe liwiro, kuyang'ana m'mbali, kenako n'kupitirira mwakachetechete.

Timahedifoni ta Lameki tinafa sabata yatha, ndipo akuti tsopano palibe womuletsa kugula totseka phokoso tija. Ine ndine munthu wamanyazi, woti sinditsegula katundu pamaso pa wogulitsa kuopa kumukhumudwitsa. Koma Loweruka ndipita naye, mtedza uli m'thumba. Ndikaima m'mbali mwa tala, anthu andiseke, ndikakweza dzanja kwa thiraki yoyamba. Lameki akapanda kuimva hutalayo, tibwerera chimanjamanja.