Mthuthuthu wa ku Katondo ndi Thumba la Ufa wa Ukwati

Pamwamba pa khutu langa lakumanzere pali kamzere kosamera tsitsi. Ometa akandifunsa ndimangoti, "N'za ku Kabwe izo," ndipo ambiri amaganiza kuti unandigwera mwala mumgodi. Ine sindiwatsutsa, chifukwa amandimeta mwaulemu akaganiza choncho. Koma mumgodi sindinalowemo ndi kamodzi komwe. Chinandivulaza ndi buluku.

Zinachitika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndili kalaliki wachinyamata ku Mchinji. Achemwali anga aakulu, amene anandilera, anakwatiwa ku Zambia ndi a Tembo, munthu wa ku Katete wogwira ntchito kunjanji ku Kabwe, komanso mkulu wa mpingo. Mwana wawo woyamba ankakwatiwa, ndipo ine monga malume ndinayenera kukayankhula paukwatipo m'malo mwa onse akuchikazi. Amayi anali atakalamba, sakanatha kuyenda ulendowo.

Achinyamata a lero sangamvetse, koma masiku amenewo kwathu kuno tsitsi lalitali la mwamuna unali mlandu. Buluku la belu, lija lotambalala kumapazi, nalonso linali mlandu. Ndiye ine nditadziwa za ulendo ndinasiya kumeta. Kuntchito ndinkalinyowetsa tsitsilo n'kulipsinja ndi manja (abwana ankangondiyang'ana ngati akuona kuti mutu wanga ukutupa). Nditangodutsa pachipata cha malire ndinatulutsa chipeso chamano ataliatali n'kulidzutsa lonse. Ndinkadziona ngati woyimba wa pachikuto cha mbale ya galamafoni.

Ku Kabwe chinthu choyamba kugula chinali belu lofiirira. Nditalowa nalo m'nyumba ku Bwacha, alamu anga a Tembo anatsitsa magalasi n'kuyamba kundiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mulamu," anatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni, "nsalu yonse iyi ni ya munthu mmodzi chabe?"

Achemwali anangoti, "Asiyeni achimwene apumeko." (Chikulireni ine, achemwali ankanditchula kuti achimwene, ndi "inu" wake yemwe, ngakhale anandibereka kumsana ndili wakhanda.)

Ku Katondo, dera lina la m'tauniyo, kunali bambo wina Mbemba, a Mulenga, wokonza njinga zamoto pansi pa shedi ya malata. Anali ndi mithuthuthu yakale imene ankabwereketsa kwa alendo, makamaka azungu apaulendo ofuna kuzungulira tauni. Ndinaona mzungu wina wandevu akuchoka pamenepo tsitsi lili petupetu ndi mphepo, mtima wanga unapita naye limodzi. Ndinalowa.

"Unayendetsako?" anafunsa a Mulenga.

"Kwambiri," ndinatero. (Ndinali nditayendetsapo njinga ya mlangizi wa zaulimi pabwalo la mpira kumudzi, giya imodzi yokha, mlangiziyo akuthamanga pambali.)

Anandisankhira wofiira, wopanda chotchinga cha tcheni. Kenako anandipatsa chisoti cholimba chija, chonunkha thukuta la anthu a mitundu yonse. Ndinachiyang'ana, ndinagwira tsitsi langa, n'kupukusa mutu.

"Bambo," ndinayamba, "kumene ndachokera amatiuza kutalika kwa tsitsi, amatiuza kukula kwa buluku. Ndafika kuno kuti ndipume. Mutuwu ndi wanga."

A Mulenga anapukuta manja pansanza mosafulumira. "Mwaiche," anatero (ndiye kuti mnyamata m'chiyankhulo chawo), "mutu ni wako, zoona. Njinga ni yanga. Mseu ni wa boma. Manje pali vitatu ivi, chako ni chimodzi chabe, ndiye chamene chimapwanyika musanga." Analozanso kumapazi kwanga. "Na iyo siketi yako uingenese mu sokosi."

Belu lolowetsa m'sokosi si belunso ayi, ndi thumba. Ndinavomera ndi pakamwa, ndipo nditangokhota pakona ndinavula chisoti n'kuchimangirira kumbuyo, buluku ndinalitulutsa.

Ndisaname, tsiku loyambalo linali lokoma kuposa masiku ambiri a moyo wanga. Ndinazungulira mkuyu waukulu umene uli pakati pa tauni mpaka ogulitsa nyuzi anayamba kundibayibitsa. Ndinapita ku Kamushanga popanda wondiyitana, ndinakaona milu ya dothi la kumgodi, mphepo ikulira m'makutu, belu likuwomba ngati mbendera. Panalibe wondifunsa kuti ukupita kuti. Munthu amene wakula akuyang'ana kumbuyo asanaseke amadziwa kukoma kwa zimenezi. Njinga inandizimira kangapo pamphambano, koma ndinkatsika n'kuigwiragwira ngati ndikuyesa injini.

Madzulo alamu anandifunsa ngati ndili ndi laisensi. Ndinati ya kwathu imagwira ntchito kulikonse. Sanafunse kuti aione, ndipo zinakhala bwino chifukwa kunalibe.

Tsopano nthawi imeneyo ku Zambia ufa wa m'sitolo ndi mafuta ophikira (iwo amati unga ndi saladi) zinkasowa. Zikamveka kuti zafika, anthu ankasiya chilichonse n'kuthamangira pamzere. Ukwati unali Loweruka, ndipo Lachinayi m'mawa kunamveka kuti ufa wafika kusitolo ina yaikulu m'tauni. Achemwali ananyamuka osamwa ndi tiyi yemwe. Anaima padzuwa mpaka masana, miyendo yawo yotupatupa ija, ndipo anatuluka ndi thumba la ufa woyera ndi botolo limodzi la mafuta. Apa m'pamene ine ndinatulukira, injini ikubangula, kuti amayi onse a pamzere aone kuti mayi Tembo ali ndi mchimwene wake.

"Kwerani, achemwali!"

"Ine? Ndili ndi ana, achimwene."

"Ndiye bweretsani thumbalo."

Anazengereza. Anayang'ana thumba, anayang'ana mtunda wa ku Bwacha, anayang'ana mapazi awo. Kenako anandipatsa. Kuti thumba likwane kumbuyo ndinamasula chisoti chija n'kuwapatsa kuti andinyamulire. Iwo anachitembenuza, naikamo botolo la mafuta kuti lingasweke. Choncho pa tonsefe, amene anavala chisoti tsiku limenelo ndi saladi.

Ndinanyamuka mwamatama. Sindinapite patali. Chapafupi pomwepo, pamene msewu umadumpha njanji, apolisi anali ataika migolo. M'mawa panalibe. Inali nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu m'maiko a kumwera kuja, ndipo ankalondera njanji ndi milatho poopa akazitape. Nditaona mfuti, mutu wanga unakumbukira zonse nthawi imodzi: laisensi palibe, chisoti chili ndi saladi, pasipoti ili m'sutikesi ku Bwacha. Ndinaganiza zotembenuka mwaulemu ngati munthu amene waiwala chinthu kunyumba. Ndinatsitsa phazi lamanzere kufuna giya.

Tcheni inalawa belu, ndipo inalikonda.

Ndinangomva mwendo ukukokedwa ngati wagwidwa ndi ng'ona. Nsalu inalowa, inakulungika, tayala lakumbuyo linauma gwa. Njinga inapita cham'mbali, ine cham'mwamba. Ndinamva "kweee!" (limenelo linali buluku, kung'ambika kuchokera kuphazi mpaka m'chiuno), kenako "phuu!" (limenelo linali thumba), kenako mutu wanga unakumana ndi mwala wa m'mphepete mwa msewu, ndipo umenewo sunamveke kwa wina aliyense koma ine.

Nditatsegula maso dziko lonse linali loyera. Ndinaganiza kuti ndafika kumwamba, ndipo ndinadandaula kuti ndafika opanda buluku. Fumbi la ufa litakhazikika ndinaona nsapato zazikulu zakuda ndi kamwa la mfuti.

"Komuledi, reji yako ili kuti?" Ankafuna chitupa cha unzika.

"Pepani bwana, ndine mlendo, ndachokera ku Malawi," ndinayankha m'Chichewa chakumudzi chenicheni, chifukwa Chinyanja cha m'tauni chimene ndinkayeserera chinali chitathawa.

"Folena!" anakuwa wapolisiyo kuitana mnzake. "Anaona ise, afuna kuthawa. Pafupi na njanji. Na ichi chaufa-ufa ni chani?"

Mnzakeyo, wachikulire, anawerama, ananyambita chala, anagunda paphewa panga n'kulawa. Anatafuna pang'ono ngati akuganiza.

"Ni unga," anatero mwachisoni. "Wabwino futi."

Apo n'kuti anthu a pamzere atafika. Amayi ena anagwada pamsewu n'kuyamba kuwola ufa ndi manja, kuika m'nsalu zawo, ndipo sindikuwada. Wina anati, "Mayo, mulopa!" Ndinagwira kumutu, dzanja linabwera lofiira. Magazi ankatsika pankhope yoyera ija, moti ana anathawa.

Kenako gulu linang'ambika pakati. Achemwali anatulukira akuthamanga, nsapato imodzi palibe, duku lili m'khosi, chisoti chili m'manja. Anagwada, anandigwira nkhope ndi manja onse awiri, ndipo anandiitana dzina langa laubwana, lija ndinalisiya ndisanayambe sukulu (sindikuuzani).

"Iwe! Tayang'ana kuno, iwe! Ukundiona?"

"Achemwali, ufa uja…"

"Khala chete!"

Anavula chitenje chawo chapamwamba n'kundimanga m'chiuno. Duku anandimanga kumutu. Atatero anatembenukira wamfuti uja, iwo mayi wa chigwirizano amene sindinawamvepo akukweza mawu, n'kumuuza kuti ngati akufuna kumanga munthu ayambe wamupititsa kuchipatala, ndipo akafuna wina womusunga m'malo mwake, iwo alipo. Wapolisi wachikulire anaimitsa galimoto ya makala, ndipo ndinapita kuchipatala nditakhala pamatumba, nditavala chitenje, woyera ngati mzukwa, wapolisi kumanja, achemwali kumanzere.

Namwino anayang'ana tsitsi langa, lodzaza ufa ndi magazi mpaka kusanduka phala, n'kutenga lumo. Ndinapempha kuti angometa pabala pokha. Anameta mbali yonse yakumanzere, nati inayo ndikamalize ndekha. Akusoka anandifunsa kuti chisoti chinali kuti. Achemwali anachikweza m'mwamba, botolo likadali momwemo, losasweka.

Kupolisi alamu anafika ndi yunifolomu yawo ya kunjanji, pasipoti yanga ili m'manja. Anayankhula ndi mkulu wa pamenepo motsitsa mawu, "mukwai" (mawu aulemu a kumeneko) aliyense pamalo pake. Mkuluyo anandiyang'ana nthawi yaitali: theka la mutu, chitenje cha maluwa, nsapato zazitali.

"Ba Tembo," anatero, "akazitape tinawaonako. Sakhala so."

Anandilipiritsa chifukwa cha laisensi ndi chisoti, ndipo analipira ndi alamu. Kunja tinapeza a Mulenga atabwera kudzatenga njinga yawo, nyali itasweka, chiwongolero chitapindika. Ndinakonzeka kutukwanidwa. Iwo anayamba ayang'ana bandeji, anandigwira chibwano n'kutembenuza mutu wanga uku ndi uku ngati akuyesa tayala.

"Uli na mwayi, mwaiche," anatero. "Wina ananibwezera njinga chabe. Yeve sanabwere." Za nyali tinakambirana tsiku lina.

Chimene chinkandiwawa kuposa bala chinali ufa. Kusitolo unali utatha. Alendo a ukwati anali atayamba kale kufika kuchokera ku Katete, ndipo m'nyumba munalibe chowaphikira Loweruka. Ndinagona chafufumimba kuchipinda, osafuna kuonana ndi munthu. Koma Lachisanu m'mawa ndinamva mawu pakhonde. Anali amayi a kumpingo ndi oyandikana nawo nyumba, aliyense ndi kambale kovundikira. Ena mwa iwo anali omwe aja anawola pamsewu. Anausefa bwinobwino n'kuubweza. Ankathira m'beseni n'kufunsa kuti, "Ali bwanji ba malume?" Kenako ankasuzumira pazenera kuti andione, n'kutuluka pageti atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

Paukwati ndinayankhula. Ndinavala buluku la alamu lolekeza pamwamba pa akakolo, mutu uli mbuu ndi bandeji. Nditaimirira kuti ndilangize mkwati ndi mkwatibwi za kumvera malangizo a akulu, tchalitchi chonse chinayamba kutsokomola. Abusa anayang'ana kudenga. Mkwatibwi, mwana wa achemwali, anaseka mpaka misozi inawononga ufa wa kumaso kwake, ndipo pambuyo pake anandiuza kuti mantha onse a tsikulo anathera pomwepo.

Usanafike ulendo wobwerera, achemwali ankanditsuka bala ndi madzi amchere kuseri kwa nyumba. Ndinapepesanso za ufa uja.

"Achimwene," anatero (ulemu unali utabwerera), "mukudziwa chimene ndinkaganiza pothamanga paja? Sindinaganize za ufa. Ndinkaganiza kuti kodi maliro amadutsa bwanji pachipata cha malire. Amafuna mapepala anji? Nanga ndikafika, amayi ndikawauza kuti mwana wanu ndinamupatsa thumba kuti andinyamulire?"

Anafinya kansalu m'mbale. Ndinaona kuti phazi lawo lina linali lomanga. Anadzicheka pothamanga opanda nsapato, ndipo sanauze munthu. Ndinangoweramitsa mutu kuti atsuke bwino.

Mungaganize kuti ndinaphunzira, ndipo inenso ndinkaganiza choncho. Koma tsiku lonyamuka, tikupita kokwerera basi, tinadutsa ku Katondo. Panja pa shedi panali mthuthuthu wina wabuluu, watsopanoko, ukunyezimira padzuwa. Miyendo yanga inachepetsa liwiro yokha.

"Alamu," ndinatero, "basi ija imachedwa kunyamuka. Kungofunsa chabe mtengo wake…"

A Tembo anasamutsira sutikesi yanga kudzanja lina, anandigwira pamkono ngati mwana wopita naye kukabayitsa jakisoni, n'kuyenda nane choncho mpaka pampando wa m'basi. Anatsika, anakaima pakhomo pa basiyo manja ali kumbuyo, ndipo sanasunthe mpaka inanyamuka.